Ngalande Yokhota ya ku Zingwangwa

Ndinalowa koleji ndili katswiri woloweza. Ndisakunamizeni, mutu wangawu unali ndi luso limodzi lokha: ndikaupatsa tsamba la buku madzulo, m'mawa unkalibweza lonse, osasiya ngakhale kadontho. Ndi luso limenelo ndinawoloka pulayimale ndi sekondale, ndipo atalengeza pa wailesi kuti ndasankhidwa kukaphunzira za uinjiniya ku Blantyre, kwathu anandilandira ngati munthu wobwera ku Joni ndi njinga. Inenso ndinkadziyesa wanzeru kuposa aliyense m'boma lathu lonse. Panalibe anali atandifunsapo funso limene yankho lake silinalembedwe kumapeto kwa buku.

Chaka chachiwiri malo ogona ku koleji anachepa, choncho ndinakakhala kwa azakhali anga ku Zingwangwa, n'kumayenda wapansi m'mawa uliwonse kudzera ku Chitawira. Zinali zaka za m'ma 1980, nthawi ya chipani chimodzi. Pageti la msika pankaima anyamata a malaya ofiira amene tinkawatchula kuti ayufi, kufunsa khadi la chipani kwa aliyense, ngakhale wodzagula mulu umodzi wa tomato.

Masiku amenewo nkhani inalibe mwini wake. Ukamva kuti wina watengedwa, sunkati "andiuza aujeni." Unkati "anthu akuti," kapena "zikumveka." Azakhali anga ankatha kukamba nkhani ola lathunthu, kuchokera ku Ndirande mpaka ku Bangwe, popanda kutchula pakamwa pamene yachokera. Ngakhale za shuga wosowa m'masitolo ankati "akuti wasowa," pomwe iwo eni ndiwo abwerako chimanjamanja. Sunali ulesi wa kalankhulidwe ayi. Umo ndi mmene anthu ankatetezerana, ndipo mwana aliyense wa m'tauni ankayamwira zimenezi. Inenso ndinkazidziwa bwino lomwe, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zimveke kuyambira pano.

Kumunsi kwa nyumba ya azakhali kunkakhala amisiri omanga nyumba, Msilamu wachiyao, mdala woonda amene anafika m'deramo kusanadzaze anthu. Makhonde ambiri a mumzere wathu anamanga ndi iwowo. Akazi awo ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pakhomo. Mdalayo ankakonda kundiselewula. Ndikamadutsa ndi mabuku m'khwapa ankakuwa ali pakhonde kuti, "Injiniya, lero mwamanga zingati papepalapo?" Ndinkaseka, koma zinkandilasa.

Mvula ikagwa ya mphamvu, madzi ochokera ku phiri la Soche ankatsika ndi ngalande ya simenti yodutsa kumtunda kwathu, kenako n'kusefukira m'nyumba zisanu ndi imodzi za mumzere wathu. Ya amisiri aja, pokhala ya kumunsi kwenikweni, ndiyo inkamwa madzi ambiri. Bedi lawo linkakhala pa njerwa chaka chonse. Tonse tinkangoti ndi mvula, n'kutenga zidebe kuyamba kukapa.

Chaka chomwecho ku koleji kunabwera mphunzitsi watsopano, Mmalawi mnzathu amene anali atangobwerera kuchokera ku maphunziro kunja. Tsiku loyamba analowa m'kalasi opanda buku, atanyamula mpopi wakale wamkuwa, n'kuuika patebulo. Anati mpopiwo unkadontha kunyumba kwawo, ndiye tiwauze chifukwa chake. Ine ndinaimirira msangamsanga kuopa kuti wina anditsogolera, n'kulakatula ndime yonse ya mphamvu ya madzi m'mapaipi monga inalembedwera m'buku. Anandimvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu.

"Waloweza bwino," anatero. "Koma mpopi wanga ukudonthabe. Waugwirako n'komwe?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ine thukuta kamukamu. Vuto linali kamphira kakang'ono kakutha mkati mwa mpopimo, ndipo anakapeza ndi mnzathu wina amene tinkamuyesa mbuli, chifukwa iye yekha ndiye anapempha sipanala.

Ndinawada aphunzitsi amenewo mwezi wathunthu, kenako ndinawakonda kuposa mphunzitsi wina aliyense amene anandiphunzitsapo. Sankalembetsa manotsi. Ukayankha, ankakufunsa kuti wadziwa bwanji. Ukafotokoza, ankakufunsa chimene chingakuonetse kuti walakwa, n'kukutuma kuti ukachiyese. Tinkabwera m'kalasi ndi matope m'mathalauza. Kwa nthawi yoyamba ndinamva mutu wanga ukugwira ntchito ina yosakhala kusunga katundu wa eni ake, ndipo zinkandikoma kwabasi. Munthuyo sanali woipa. Anangokhalitsa kunja, n'kuiwala dziko limene anabwererako.

Mvula itayamba anatipatsa ntchito yaikulu ya chaka, yoti ukailephera upakire katundu ubwerere kwanu. Aliyense apeze chinthu chosayenda bwino kumene amakhala, achifufuze mpaka pamuzu, alembe lipoti. Anzanga ochenjera anasankha zinthu zopanda mano: wina denga lodontha la khitchini, wina mbaula yodya makala ambiri. Ine, wofuna kuonekera, ndinasankha ngalande yathu.

Poyamba ndinati vuto ndi zinyalala zimene anthu amatayamo. Aphunzitsi anangoti, "Kazichotse, uone." Loweruka lathunthu ndinali m'ngalande ndi fosholo, kuvuula zitini, nsapato zakutha ndi galu wakufa, amayi a mumzere wathu akuseka kuti boma likuphunzitsa ana kutapa matope. Lachiwiri mvula inagwa, madzi n'kulowa m'nyumba monga mwa nthawi zonse. Ndinapsa mtima, kenako ndinadabwa kuona kuti ndikusangalala, chifukwa tsopano ndinali ndi funso langalanga.

Ndiye ndinati mwina kalavati, paipi yaikulu ya simenti yodutsa pansi pa msewu, ndi yaing'ono. Ndinaiyeza, ndinawerengera madzi amene angatsike pamvula yaikulu, masamu n'kukana: inali yokwanira. Ndinasiya pepala, ndinabwereka ambulera ya azakhali, n'kukaima pamvula kuti ndione ndi maso. Madzi ankadutsa pakalavati bwinobwino. Ankasefukira patsogolo pake, pamene ngalande inkakhota mwadzidzidzi kumanzere kuzungulira golosale ndi chigayo.

Golosale ndi chigayocho zinali za atcheyamani a nthambi ya chipani ya m'dera lathu. Aliyense ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa, koma maso anga anali pa madzi okha.

Chipangizo choyezera kutsetsereka kwa malo sakanandilola kutuluka nacho ku koleji, choncho amisiri aja anandiphunzitsa njira yawo. Umatenga paipi yaitali ya pulasitiki yoonekera mkati, kuidzaza madzi, wina kugwira uku wina uko, n'kumalemba pandodo pamene madzi aima. Anandibwereka paipiyo, anandionetsa kachotsedwe ka mpweya mkati, koma nditawapempha kuti adzandigwirire mbali imodzi anati, "Kumunsi kuno ndikugwirira. Kumtunda uko upite ndi mnzako wa kusukulu." Sindinafunse chifukwa chake, ine amene ndinali nditayamba kufunsa chifukwa cha chilichonse.

Tinayeza ndi mnzangayo kawiri, m'mawa anthu ali kutchalitchi. Kuchokera pokhota paja, ngalande inkakwera m'malo motsika, pang'ono chabe, ngati chikhatho chimodzi pa mayadi makumi awiri. Madzi akafika pamenepo ankadzazana, n'kuona njira yapafupi yolowera mumzere wathu. Ndinathamanga nazo kwa aphunzitsi.

"Tsopano wayamba," anatero, akumwetulira. "Koma mmisiri wanzeru zake angamange bwanji ngalande yokwera chitunda? Kapeze chifukwa chake."

Lamulungu masana ndinawapeza amisiri aja pakhonde akupala simenti youma pa mpeni wawo womangira. Nditawafunsa anayang'ana kumsewu, kenako anati tilowe m'nyumba. Anakhala pabedi lija, ine pampando.

"Mwanawe, ngalande imeneyo ndinamanga ndine," anatero motsitsa mawu. "Kale inkapita chindunji kukagwera ku kamtsinje. Atcheyamani atafuna malo a chigayo, anaitanitsa ntchito yachitukuko, anthu onse kukumba mwaulere, ine kumanga. Ndinawauza kuti abwana, madzi sakhota chonchi. Iwo anati, kodi takuitanani kudzamanga kapena kudzaphunzitsa? Basi, ndinamanga. Ndinkadziwa kuti ndikuwamangira madzi njira ya kuchipinda kwanga."

Anaseka, inenso ndinaseka. Anang'amba kapepala ka thumba la simenti, anatenga pensulo yawo yaikulu ya kukhutu, n'kujambula njira yakale ndi yatsopano, pamodzi ndi chigayo pakati. Mizere yake inali yowongoka kuposa yanga ya rula.

"Ndakuuza chifukwa ndaona kuti ukufunadi kudziwa," anatero. "Koma izi zathera muno, wamva? Kunja uko, ndi mvula. Kapepalako ukaona ukakawotche."

"Ndamva, bambo," ndinayankha.

Lipoti ndinalemba masamba ambiri, ndi masamu onse, ndi zojambula. Pofika pa chifukwa chimene ngalande inakhotera, ndinachita monga anandilerera. Ndinalemba kuti anthu a m'derali akuti njira inasinthidwa pofuna malo a chigayo. Patatha masiku atatu lipoti linabwerera, mawu amenewo atazunguliridwa ndi inki yofiira, pambali pake pali funso loti, anthu ake ati? Aphunzitsi anandiitanira ku ofesi yawo.

"Zonsezi wayeza bwino," anatero, "koma pamene pagona nkhani waikapo mphekesera. 'Anthu akuti' ndi za pabawo. Injiniya amalemba amene wanena, tsiku lake ndi malo ake, kuti wina akathe kukafunsanso. Popanda zimenezo sindingalilandire."

"Aphunzitsi, munthuyo sakufuna kutchulidwa."

"Akuopa chiyani? Iyi ndi ngalande, si ndale."

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kuwaphunzitsa ine. Iwo ankadziwa madzi, ine ndinkadziwa Zingwangwa. Ndikanawauza kuti kwathu kuno ngalande yodutsa pakhomo pa atcheyamani ndi ndale, mwina akanamva, chifukwa anali munthu womva zifukwa. Sindinafunse ngakhale kumene lipotilo likathere akatha kuliwerenga. Ndinangoti zikomo n'kutuluka.

Njira yonse ya ku Chitawira ndinkadzinamiza. Ndinkati lipoti la mwana wa sukulu limathera m'kabati, kudyedwa ndi mphemvu. Ndinkaganiza za kutsika basi kwathu ndi sutikesi pamutu, anthu omwe aja anandilandira akufunsana kuti kodi koleji yatsekera msanga. Zimenezo zinalipo ndithu, koma chenicheni chinali china, chochititsa manyazi: ndinkafuna kuti aphunzitsi aja amwetulirenso. Nditafika kunyumba ndinalemba dzina lonse la amisiri aja, nambala ya puloti yawo, tsiku limene tinalankhulana, ndi mawu awo monga anawanenera, mpaka za kudzamanga kapena kudzaphunzitsa. Mutu woloweza uja unagwira ntchito yake. Kapepala ka thumba la simenti ndinakamata kumapeto ngati umboni.

M'mawa mwake ndikudutsa, mdalayo anandiitana ali pakhonde. "Injiniya, kapepala kaja unawotcha?"

"Ndinawotcha, bambo."

Ndinapeza malikisi oposa onse. Aphunzitsi anawerenga mbali zina m'kalasi ngati chitsanzo, ine ndili ndwii kuyang'ana pansi ngati wodzichepetsa, mumtima ndikuvina. Titaweruka anandiimitsa pakhomo n'kundiuza, ngati akundipatsa mphatso, kuti atumiza lipotilo ku ofesi ina yoona za ngalande m'tauni, pamodzi ndi kalata yawo yopempha kuti akakonze mvula isanathe. Mu Blantyre wa nthawi imeneyo pepala silinkadutsa matebulo atatu lisanafike kwa mlamu wake wa munthu.

Panapita masabata atatu kuli zii. Ndinayamba kupuma bwino.

Linali Lachisanu, ndinalibe kalasi masana. Ayufi anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti pachigayo pali msonkhano, aliyense abwere ndi khadi lake. Titafika tinapeza atcheyamani ali patebulo, pambali pawo amuna awiri a masuti osadziwika m'deramo, ndi galimoto yoyera itaima pamthunzi. M'manja mwa atcheyamani munali lipoti langa. Ndinalizindikira ndi chikuto chake chobiriwira chimene ndinagula ndekha. Amisiri aja anawadikirira panjira akuchokera ku mzikiti, n'kubwera nawo ali mu mkanjo wawo woyera ndi kofia kumutu.

"Amayi ndi abambo," anayamba atcheyamani, "ngalande iyi munakumba ndinu, ndi manja anu, poyankha pempho la chitukuko. Si choncho?"

"Ndi choncho!"

"Lero pali wina akuti ntchito yanu ndi yautsiru. Akuti chipani chimamiza anthu m'nyumba. Zafika mpaka ku maofesi, m'Chingerezi. Kodi muno alipo amene madzi anamulowerapo m'nyumba?"

"Palibe!"

Amene anakuwa kwambiri anali a nyumba zisanu ndi imodzi zija. Azakhali anga anakuwa nawo, pomwe mphasa zawo zinali zikuuma pachingwe kuchokera pa mvula ya dzana. Sindiwaimba mlandu. Ndinkangoyang'ana galimoto ija.

Kenako anandiitana kuti ndiime kutsogolo. Atcheyamani anandigwira paphewa mwachikondi, ngati mwana wawo.

"Mwana wa sukuluyu sitimuimba mlandu," anatero. "Ana amangolemba zimene awauza akuluakulu. Eti mwanawe? Tauza anthuwa, anakuuza zimenezi ndani?"

Anali atanditsekulira khomo lothawira, ndipo ndinaliona bwinobwino pamodzi ndi mtengo wake. Ndikanatha kunena kuti madzi ndinayeza ndekha, masamu ndi anga, mdalayu ndinachita kumukakamiza. Sindikudziwa ngati zikanawapulumutsa. Ndikudziwa kuti sindinayese.

"Anandiuza ndi iwowa," ndinatero.

"Kweza mawu, kumbuyoko sakumva."

Ndinakweza mawu, ndipo ulendo uno ndinaloza ndi chala.

Amisiri aja sanandiyang'ane. Maso awo anali pa kapepala ka thumba la simenti kamene mmodzi wa a masuti aja anakakweza m'mwamba. Atawafunsa amene anajambula, anati, "Ndinajambula ndine."

"Popeza mukuti pano sipadutsika," anatero atcheyamani, "tionetseni."

Ayufi anawatsitsira m'ngalande ndi mkanjo womwe. Munali matope akuda onunkha, osakanikirana ndi madzi otsukira a pagolosale. Anawauza kuti akwawe ndi maondo kuchokera pokhota paja mpaka kuseri kwa chigayo. Akaima kuti apume, ankawakankha ndi nsapato kumbuyo. Kofia inagwa, wina n'kuipondera m'matope. Amayi anauzidwa kuti ayambitse nyimbo, ndipo anayambitsa, ndi m'manja momwe. Ana ankathamanga m'mbali mwa ngalande akuseka, chifukwa kwa iwo anali masewera. Chigayo sichinazimitsidwe, anthu ena anali pamzere ndi matumba awo a chimanga. Mdalayo anakwawa mpaka kumapeto, ndipo atawatulutsa sankaonekanso kuti anavala zoyera. Anayala saka m'galimoto kuti asadetse mipando, n'kupita nawo.

Akazi awo anaima kumbuyo kwa gulu atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Sanalire, chifukwa kulirira munthu wotengedwa unalinso mlandu.

Titabwerera kunyumba azakhali anandiikira chakudya n'kukhala pafupi. "Wayankha bwino," anatero. "Udye. Ndipo pakhomo pa mayi aja usapondepo, wamva? Iwe uli ndi sukulu." Ndinadya. Zimandinyansa mpaka lero kuti ndinadya n'kumaliza. Kuyambira tsiku limenelo palibe anagulanso chitumbuwa pakhomo paja, ndipo amayi a mumzere wathu akakumana nawo pampopi ankapeza choyang'ana m'ndowa zawo. Ine ndinasintha njira, ndinkazungulira kumtunda kuti ndisadutse pakhonde lopanda munthu lija.

Lolemba ndinakawauza aphunzitsi. Anatseka chitseko, anakhala pansi, anagwira mutu nthawi yaitali. "Sindinaganize," anatero, n'kubwerezanso kawiri. Sabata yomweyo anaitanidwa kwina, n'kusowa masiku awiri. Atabwerera analowa m'kalasi ndi buku lalikulu, analitsekula, n'kuyamba kuwerenga mokweza kuti tizilemba. Mnzathu wa sipanala uja anakweza dzanja kufunsa chifukwa chake lamulo lina la masamu limatero. Iwo osadzutsa maso anati, "Zili choncho m'buku. Lembani." Tinalemba manotsi mpaka chaka chinatha, ndipo chaka chotsatira sanabwerenso. Ine ndinakhoza bwino kwambiri, popeza kalasi inali itabwerera pa luso langa.

Amisiri aja anabwerera patatha chaka ndi miyezi, mvula ili mkati. Anatsika basi okha. Miyendo inali yotupa, mano akutsogolo kulibe, ndipo zala za dzanja lamanja zinali zopindika moti sakanathanso kugwira mpeni womangira. Palibe anawafunsa kumene anali. Patangopita masiku ochepa atcheyamani anatumiza uthenga woti woukira sangakhale m'nthambi yawo popanda kupepesa. Alembe kalata m'Chingerezi yoti ikafike kwa akuluakulu, apo ayi puloti ipatsidwa kwa munthu wina wokhulupirika.

Tsiku lina masana, mvula itangokata, akazi a amisiri aja anaima panja pa nyumba yathu. Sanaodire, ndipo sanakhale pansi. Anauza azakhali kuti, "Akuti mwana wanu abwere ndi cholembera."

Ndinapita. M'nyumbamo madzi anali ofika m'akakolo, ndinavula nsapato pakhomo n'kupinda thalauza. Mdalayo anali atakhala pabedi atapinda miyendo, dzanja lija lili pachifuwa. Njira yonse ndinali nditakonza mawu, koma nditawaona anandithawa onse.

"Khala apo, injiniya," anatero. "Tsamiritsa pepala pabondo, tebulo lanyowa."

Ndinakhala.

"Lemba kuti ndinanama. Lemba kuti ngalande inamangidwa bwino, madzi amatsika bwino, sanalowepo m'nyumba ya munthu. Lemba kuti atcheyamani sanandiuzepo kanthu. Lembanso kuti ndinanamiza mwana wa sukulu wosalakwa."

Cholembera chinaima. Misozi inayamba kutsika, ndipo ndinamva manyazi kuti ngakhale kulira ndikulira ine. "Bambo, ndikhululukireni," ndinatero. "Ndine amene ndinachita zonsezi. Munandiuza kuti ndiwotche."

"Usanditayitse nthawi," anatero, osakweza mawu. "Ndikakukhululukira ndiye kuti nyumba yanga itsala? Chimene ndikufuna kwa iwe ndi Chingerezi. Pukuta m'maso, unyowetsa pepala."

Ndinapukuta, ndinalemba. Ndinaikamo Chingerezi chonse chimene ndinali nacho, chaulemu, chogwada, chopanda polakwika. Madzi ankandizizira m'mapazi pamene ndinkalemba kuti m'nyumba za mumzere wathu simunalowepo dontho. Nditamaliza anandiuza kuti ndiwawerengere ndikumasulira m'Chinyanja, ndipo anamvetsera atatsinzina. Pena anandiimitsa kuti ndionjezere kuthokoza atcheyamani chifukwa cha chifundo chawo. Ndinaonjezera.

"Pamapeto ndasiya malo oti musaine," ndinatero.

Anakweza dzanja lija pang'ono, kuliyang'ana, n'kulibwezera pachifuwa. "Ine ndidinda chala. Dzina ulembe ndiwe. Ulembe lonse, ndi nambala ya puloti, monga unachitira muja. Kumene ndinali kuja ankandiwerengera lipoti lako kawirikawiri, ndipo sunalakwitse ngakhale chilembo chimodzi."

Ndinalemba dzina lonse ndi nambala ya puloti. Ndinawapaka inki ya cholembera changa pa chala chachikulu cha kumanzere, iwo n'kudinda. Akazi awo anatenga kalatayo, anaikulunga m'chitenje kuti isanyowe, n'kupita nayo kuchigayo.